Kafundula, Nyambo Yosaoneka Pamadzi

Mwana wanga Tamanda,

Usadabwe ndi zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade wani. Ndikulemba ndi cholembera chakuda chija timalembera pa makatoni. Iwe wadzitsekera kuchipinda kuyambira m'mawa. Ndagogoda kawiri, ndipo kawiri konse wandiyankha kuti, "Adadi, nkhani yatha, sindipita." Ndege yako inyamuka mawa masana, koma zovala zimene walongedza sabata yonse wazikhuthulira pabedi. Poti pakamwa wandikana, undimvere papepala. Kalatayi ndiilowetsa pansi pa chitseko. Uiwerenge mpaka kumapeto, osadumphadumpha monga umachitira ndi mauthenga a azakhali ako.

Ndiyambe ndi kupepesa. Kabuku ka kuchipatala kamene wakapeza m'dirowa ya nthenga zomangira nyambo sindinakaiwale mmenemo ayi, ndinachita kukabisa. Zimene wawerengamo ndi zoona. Diso lakumanzere linapita kale. Lakumanjali likuona ngati munthu wosuzumira mu paipi, ndipo adokotala akuti mitsempha imene yafa sidzukanso, mankhwala odontheza aja amangochedwetsa. Ukakhala ku Scotland zaka ziwiri za sukulu yakoyo, mwina pobwera ndidzakudziwa ndi mawu okha. Ndikudziwa kuti chakukhuthulitsa sutikesi n'chimenechi. Ndinalakwa kubisa, mwana wanga, ndinkaopa zomwe zachitikazi. Ndilemba zambiri, ukundidziwa ndikayamba sindimaliza msanga, koma mawu anga enieni ndi amodzi: upite.

Paja kumene ukupitako ndi kwawo kwa tirauti. Kuno timachita kuyenda theka la tsiku, kukakwera phiri la Zomba, kuti tipeze madzi ozizira amene nsombayi imakonda, koma kumeneko akuti mtsinje uli kuseri kwa sukulu. Ndiye m'thumba la jekete lako lachisanu, lija lili pamsomali m'kolido, ndaikamo kabokosi ka machesi. Muli tinyambo tochita kumanga ndi nthenga khumi ndi tiwiri, tonse ta mtundu uja timautcha kafundula. Ukatsegula usaseke. Tina n'topindika mutu, ndipo kamodzi nthenga yake yapendekera kumbali ngati chipewa cha chidakwa. Ndamanga ndi zala zokha, maso atandithawa. Timeneti tikadzatha udzayenera kumanga wekha. Iwe wakhala ukuwedza nane kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma sunamangepo n'kamodzi komwe. Ntchito yako inali kupisa dzanja m'bokosi langa basi. Lero ukhala pansi uphunzire.

Ndili mnyamata, nditangolembedwa ntchito ya zankhalango, ananditumiza pamwamba pa phiri la Zomba. Kumeneko ndinapeza Che Jafali, omwewa amene lero amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Old Town, aja umawapatsa moni wogwada. Nthawi imeneyo anali mlonda wa mtsinje wa Mulunguzi, woona kuti anthu asaphe nsomba ndi ukonde kapena mankhwala. Tsiku lina dzuwa litapendeka tinaima padziwe, madzi ali phee, nsomba zikudya ponseponse. Ine n'kuti nditamanga nyambo yanga yoyamba, ndipo ndinaimanga mwaufumu: nthenga yofiira ya tambala, ulusi wachikasu, ndi kansalu konyezimira kamene ndinadula pa diresi la ukwati la mlongo wanga, azakhali akowa. Ndinaponya. Thapsa! Nsomba zonse zii. Che Jafali anaitola nyamboyo, kuitembenuza uku ndi uku, amvekere, "Achimwene, iyi ndi nyambo kapena mkwatibwi?" Kenako anatunga madzi ndi chipewa chawo n'kundionetsa. M'chipewamo munali tizilombo takuda, tochepa kuposa njere ya mpunga, abale ake a udzudzu koma tosaluma. Tina tinali titalendewera pamwamba penipeni pa madzi, thupi m'madzi, mutu kunja, tikulimbana ndi kuvula chikopa chakale kuti tiuluke. "Nsomba zikudya aka," anatero, "kamene kakufundulaka. Sikangathawire pansi, sikangauluke. Inu mwazibweretsera phwando, izo zikungofuna kachakudya kosavuta." Azungu ali nalo dzina lake, ife tinangoti kafundula. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo azakhali ako nkhani ya diresi ija sanaiiwale mpaka lero.

Choncho ukafika kumeneko usakathamangire kudzionetsa. Chingerezi cha m'mphuno ukachisiye, ndiponso usamakavomere chilichonse kuti akukonde. Uyambe watunga madzi ndi chipewa, uone kaye mmene eni ake amakhalira, amaseka chiyani, amakwiya ndi chiyani. Mwezi woyamba makutu akhale aakulu kuposa pakamwa.

Tsono kamangidwe kake ndi aka, ndipo tsamba ili ulisunge. Tenga mbedza yaing'ono yokhota msana, yotalika ngati njere ya mpunga yomweyo, uipane m'vayisi, kachitsulo kopanira kaja. Yamba kukulunga ulusi wakuda pafupi ndi diso la mbedza, utsike nawo mpaka pokhota. Ulusi wake ndi uja wopyapyala kwambiri umene Che Jafali amasokera makolala. Pokhotapo mangirira kawaya kamkuwa. Ine ndimakachotsa m'wailesi yakufa ija ili m'chipinda chosungira katundu, ndipo ndakuikira kokwanira zaka khumi. Bwerera ndi ulusi kumtunda, mzere umodzi wokha, thupi likhale lowonda. Zunguliza kawaya kasanu motalikirana, paoneke timphete ngati ta pamimba pa kachilombo. Ukatero tenga kanthenga kamodzi ka bakha, kofewa kaja ka pamsana pafupi ndi mchira, pamene bakha amatenga mafuta odzola. Nthenga imeneyo simira. Imangirire kuti nsonga zake ziloze kutsogolo, pamwamba pa diso la mbedza. Kuseri kwake zunguliza kawiri tsitsi limodzi la nthenga ya pikoko, chikhale chifuwa. Manga mfundo, dula ulusi, dontheza kadontho ka utoto wa m'zikhadabo, koma usakhudze nthenga ija. Basi, kwatha. Ukaona dzanja likufuna kuwonjezera kanthu kena, ulimenye.

Chimene chinandivuta zaka zambiri ndi kakokedwe ka ulusi. Ndinkayesa kuti kumanga kolimba ndi kukoka mwamphamvu, ndiye ndikafika pa mfundo yomaliza ulusi unkaduka, zonse n'kumasuka ndikuona. Amayi ako ankaseka mpaka misozi, amvekere, "Abambo a Tamanda, ulusi sakoka ngati chingwe cha mbuzi." Pa mbedza ndinaphunzira, koma pa iwe sindinaphunzire. Ukukumbukira utasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko kumpoto? Unavina pabalaza kalata ili m'manja. Ine ndinakana. Ndinati n'kutali, ndinati kumazizira, ndinati nyemba za kumeneko zikudwalitsa m'mimba, mpaka ndinakupezera malo pa sukulu yoyendera kuti ndizikusiya pageti popita ku Capital Hill. Amayi ako anandiuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ine n'kuwayankha mwamwano kuti mwana wanga si ng'ona. Unatha teremu yonse osandilankhula m'galimoto, maso ali pawindo kuchokera ku Area 47 mpaka pageti la sukulu. Kuzizira kuja kunali bodza, Tamanda. Ndinkangofuna kumva phokoso lako m'nyumba. Zimene ndinachita zija zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindilola kuti maso angawa abwereze zimene pakamwa panga panachita. Upite.

Tsopano kawedzedwe. Anthu a mu Sekita 3 muno amati ndinapenga, chifukwa Loweruka lililonse ankandiona pa kapinga ndikuponya chingwe m'beseni lochapira. Aneba athu a Chisale ankasuzumira pampanda n'kufunsa kuti, "Mwagwira zingati lero, bwana?" Ine ndinkangoti, "Zathawa zonse, mwasokosa." Asiye aziseka, koma beseni limenelo ndi limene linandiphunzitsa kugwetsa nyambo pamene ndikufuna. Nawenso ukapeze kapinga wako.

Nthawi yake ndi m'mawa kukuzizira, kapena dzuwa likapendeka mphepo itadeka. Usathamangire kuponya. Khala pansi uyang'ane madzi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaona nsomba ikutulutsa mphuno, dziwa kuti ikudya tizilombo tamapiko kale. Koma ukaona msana wokha ndi chipsepse, madzi n'kutukuka pang'ono popanda phokoso, imeneyo ikudya kafundula. Nyowetsa thupi la nyambo ndi malovu kuti limire, nthenga uisiye youma. Twaini yakumapeto ikhale yopyapyala ngati tsitsi. Ponya kumtunda kwa nsomba, mkono umodzi, ndipo uleke madzi aitenge okha. Chingwe chikangokoka nyambo n'kulemba kamzere pamadzi, yamba kuyang'ana nsomba ina, imeneyo yakutulukira kale.

Cholakwa changa apa chinali cha maso. Kafundula kakagwa pamadzi sikaoneka. Masiku amenewo maso anga anali akuthwa, otha kuona nyerere pamtengo wa tsidya lina, koma ndinkaima tsiku lonse maso ali tuzu, kufunafuna kanthenga kanga pakati pa thovu ndi tizinyalala. Nsomba inkadya n'kulavula ine osadziwa. Tsiku lina Che Jafali anatopa nane. "Kodi mukufuna chiyani pamenepo? Ngakhale ine sindikaona. Pamene mwaponya mukupadziwa, liwiro la madzi mukuliona. Yendani nako mumtima. Madzi akatukuka pamene mtima ukuti kafika, kwezani ndodo." Ndinayesa. Madzi anatukuka, ine n'kukoka ndi mphamvu zonse ngati ndikuzula chinangwa, twaini n'kuduka. "Aa, achimwene! Ndati kwezani, sindinati zulani!" Kachiwiri ndinakweza pang'onopang'ono, ngati mwana wokweza dzanja m'kalasi asakudziwa bwino yankho. Ndodo inapindika. Inali tirauti yanga yoyamba, ndipo ndinangokhala pansi m'madzi momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo, nsomba zonse zimene unandiona ndikugwira, ngakhale ija ya padamu imene unalirira kuti tiibweze m'madzi, ndazigwira ndi nyambo imene sindinkaiona. Ndiye usandiyese munthu wosadziwa kutsata chinthu chimene sakuchiona. Ndizidzadziwa kuti ino ndi nthawi imene uli m'kalasi, ino ukuthamangira basi tsitsi losapesa, ino wagona ndi njala chifukwa cha ulesi wophika. Ukaimba foni ndidzamva pa "halo" pokha ngati zinthu zili bwino kapena ayi, choncho usadzayese kundinamiza.

Nkhani iyi sindinakuuzepo, ndipo ndi imene yandikhazika pansi kulemba. Nditagwira ntchito zaka zinayi kuphiri kuja, a kulikulu anandisankha kuti ndikaphunzire za nsomba za m'madzi ozizira kunja, chaka chimodzi. Pasipoti inatuluka, jekete ndinagula pakaunjika. Kutatsala masabata awiri, bambo anga, agogo ako aja sunawaone, anagwa pashedi yawo ya ukalipentala ku Old Town, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufa. Ndinalemba kalata yokana ulendo, n'kupempha kuti andisamutsire ku Lilongwe. Umo ndi mmene ndinathera padesiki ku Capital Hill, kudinda mapepala a mitengo imene sindinaionepo. Anthu anandiyamikira, kumpingo ankanditchula ngati chitsanzo. Bambo sindinawauze zoona, ndinangoti ulendo walephereka wokha. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka anaphunzira kupala matabwa ndi dzanja lamanzere. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito anabwera kudzawaona, n'kutulutsa nkhani yonse mosadziwa. Mlendoyo atachoka, bambo anandiitana. Pakamwa pawo panali popotoka, mawu ankatuluka movuta, koma ndinamva lililonse. "Iwe, unandifunsa?" Ndinati ayi. "Ndiye wandisenzetsa katundu wako, ine wa dzanja limodzi. Ndidziwa bwanji tsopano kuti ukanakhala ndani?" Analira, Tamanda. Munthu amene sanalire tsiku limene anagwa, analira tsiku limenelo. Ndipo chimene sindinawauze mpaka anamwalira n'chakuti ulendo uja ndinkauopa. Ndinkaopa ndege, ndinkaopa chisanu, ndinkaopa kukalephera mayeso pakati pa anthu achilendo. Matenda awo anandipatsa pobisala pabwino, poti palibe amene akanandinena.

Sindikuti iwe ukubisala. Mtima wako ndikuudziwa, unatengera amayi ako. Koma udzifunse wekha m'chipindamo, poti palibe akukuona, ngati mantha ako onse ndi a maso anga okha. Chaka chatha unawapempha a sukuluyo kuti akusungire malo chifukwa cha maliro a amayi ako, ndipo anakusungira. Kalata yawo inanena poyera kuti kachiwiri sadzatero. Ukakhala, maso angawa sabwerera ayi. Udzangokhala pano kundiwerengera madontho a mankhwala, ine ndikumva mapazi ako m'nyumba n'kumadziwa kuti wakutsekera khomo ndine. Iwe sunandifunse, monga inenso sindinafunse, koma ndikukuyankhiratu: katundu ameneyo sindimufuna.

Za ine usade nkhawa mopitirira. Azakhali ako avomera kuchoka ku Area 11 kudzakhala kuno, ndipo iwe ukuwadziwa, mankhwala adzandidontheza m'maso ngakhale ndithawire kudenga. Che Jafali akuti Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti azikwera minibasi kubwera kuno, iwo azindipanira mbedza m'vayisi, ine ndizimanga. Nyengo yowedza ikafika tikwera phiri limodzi. Iwo azikaona madzi akatukuka n'kufuula, ine ndizikakweza ndodo. Nkhalamba ziwiri, maso awiri ndi theka, tikwana. Masitepe a pakhomo ndawawerenga kale, ndi anayi. Njira ya kutchalitchi miyendo yanga ikuidziwa kuposa abusa.

Iwe kumeneko uzikavala zofunda, osati tizovala tako ta ku City Centre tija. Usakachite manyazi kufunsa njira, safunsa anadya phula. Mtsinje uli ndi eni ake, uyambe wapempha chilolezo. Ukalowa m'madzi, phazi lina likhazikike usanasunthe linzake, ndipo madzi akadzaza usalowe wekha, wamva? Usalowe wekha. Nsomba ukaigwira unyowetse manja usanaikhudze, yaing'ono uibweze. Masiku oyamba adzakhala owawa. Udzalira, udzafuna kubwerera. Udzaimbe foni ulire mmene ungathere, ine ndidzamvetsera, koma tikiti yobwerera usadzaigule. Ndipo tsiku limene udzagwire tirauti ndi kafundula komanga wekha, udzandiimbire usanavule ndi nsapato zomwe. Udzandifotokozere pang'onopang'ono, madontho ake, mtundu wa pamimba pake, osati zako zija zongoti "inali bho."

Ndisakunamize, mwana wanga, ndanama kokwanira. Sindikufuna kuti uchoke. M'mawa muja utanena kuti supita, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndipo ndinapita kukakhala kuseri kwa nyumba ndi manyazi. Ndikuuopa mdima ukubwerawu. Ndikuiopa nyumba ino ikadzakhala zii, popanda wondikalipira kuti ndasiya nthenga pa tebulo lodyera. Ndimakukonda, Tamanda, ndipo sindinazolowere kunena mawu amenewa, amayi ako ndi amene ankandinenera. Koma mantha amenewa ndi anga, ndipo ndiwasenza ndekha. Longedzanso sutikesiyo.

Pempho langa ndi limodzi. Mawa ndikuperekeza mpaka kubwalo la ndege, azakhali ako ndi amene ayendetse. Tisanafike pakhomo paja amatibweza ife operekeza, ukaime panja, padzuwa, mapazi awiri kuchokera pamene ndaima, poti m'pamene disoli limagwira bwino. Usakalankhule, usakandifulumizitse, ngakhale azakhali ako aziloza wotchi. Ukandilole ndikuyang'ane mpaka nditakhuta. Ndiye leka kulira tsopano, tsegula chitsekocho, ukasambe m'maso ndi madzi ozizira. Nkhope imene ndikaone mawayo ndi imene ndikhale nayo, ndipo yotupa sindikuifuna.

Ndine,
Bambo ako